The Office la ku Britain ndi la ku America: tiwayerekeze bwanji osalakwira limodzi?

Chigumula_Boy

Akuluakulu, ndithandizeni pa nkhani ya sewero lanthabwala lija la The Office. Lilipo loyambirira la ku Britain, la Ricky Gervais ndi Stephen Merchant, ndiye palinso lomwe anadzalikonzanso ku America, la Steve Carell. Anthu sakugwirizana. Ena akuti la ku America n'lokopera basi, anangolithira shuga. Ena akuti la ku Britain silioneka, munthu umangogwidwa manyazi mpaka kuzimitsa TV.

Sindikufuna mayankho akuti "ili ndiye labwino" n'kuthera pompo. Ndikufuna kudziwa kuti anasintha chiyani kwenikweni, ndipo chinawachititsa n'chiyani. Kodi munthu akafuna kuwayerekeza mwachilungamo aike magawo ati pafupi ndi ati? Komanso n'chifukwa chiyani sizoni yoyamba ya la ku America imaoneka yowuma, yosiyana ndi zomwe zikubwera pambuyo pake?

Nsanjama

Achimwene, yambani ndi masamu, chifukwa kusiyana konse kwagona pamenepo. La ku Britain linayamba pa 9 July 2001 pa BBC Two. Lili ndi masizoni awiri, iliyonse magawo 6, kuwonjezerapo magawo awiri apadera a Khirisimasi omwe anaonetsedwa mu December 2003. Onse pamodzi ndi 14, ndipo sakwana maola 8. La ku America linayamba pa 24 March 2005 pa NBC n'kudzatha pa 16 May 2013. Masizoni 9, magawo 201, maola opitirira 70.

David Brent (Gervais), bwana wa nthambi ya kampani ya mapepala ya Wernham Hogg ku Slough, ndi munthu wodzikonda, wabodza, wamantha, ndipo ntchito saitha. Munthu wotere ungamupirire maola 7 chifukwa ukudziwa kuti tsiku lake likubwera, ndipo limabweradi: mu gawo 5 la sizoni yachiwiri amamuuza kuti ntchito yatha atavala zovala zoseketsa za mbalame, tsiku losonkhetsa ndalama zachifundo la Comic Relief. Mu gawo 6 amachita kuchonderera mabwana ake, Neil ndi Jennifer, kuti asamuchotse. Koma ku America ankafuna sewero loti lizipita chaka ndi chaka, magawo opitirira 20 pa sizoni. Bwana sangachotsedwe, ndipo oonera sangamadane naye mlungu uliwonse kwa zaka. Ndiye Michael Scott (Carell), bwana wa ku kampani ya mapepala ya Dunder Mifflin, nthambi ya Scranton, anafunika zinthu ziwiri zomwe Brent alibe: chifukwa chomveka choti kampani izimusunga, ndi chifukwa choti antchito ake azimukhululukira.

Poyamba sanazindikire zimenezi, ndipo yankho la funso lanu la sizoni yoyamba ndi limeneli. Gawo loyamba la ku America linatengedwa pafupifupi lonse ku gawo loyamba la ku Britain. Mnyamata waganyu akuonetsedwa ofesi, mayi wa kulikulu akubwera ndi nkhani yoti nthambi imodzi itsekedwa, sitepula aiika mu jeli, kenako bwana akunamiza mtsikana wolandira alendo kuti wachotsedwa ntchito chifukwa choba timapepala tomata, mtsikanayo n'kulira. Zonsezi zili kuwiri konse. Kwa Gervais zimakhala bwino chifukwa mawuwo anadzilembera yekha, amagwirizana ndi kalankhulidwe kake, kukoka tayi kwake ndi kaso komwe amaponya ku kamera kufuna kuti umuyamikire. Carell akamalankhula mawu omwewo amangooneka wankhanza. Anamupesanso tsitsi chammbuyo lopaka mafuta, mu ofesi mowala pang'ono. Gawo loyambalo linaonedwa ndi anthu oposa 11 miliyoni, lachiwiri pafupifupi theka lokha, ndipo sizoni yonse inali ya magawo 6.

Kusintha kunabwera ndi sizoni yachiwiri, mu September 2005. Mwezi wa August chaka chomwecho filimu ya Carell ya The 40-Year-Old Virgin inali itayenda malonda, ndipo zinaoneka kuti anthu amamukonda akamasewera ngati munthu wosowa mnzake osati wonyoza. Greg Daniels, yemwe ankatsogolera sewero la ku America, ndi olemba anzake anatsata zimenezo. Onerani magawo anayi awa motsatana muone njira yake. Mu The Dundies, anthu achilendo akamunyoza Michael mu lesitilanti ya Chili's, antchito ake omwe amaipidwa naye aja amamuikira kumbuyo, Pam wolandira alendo uja ndiye akutsogolera. Mu Office Olympics amamuveka mendulo yopangidwa ndi chotsekera yogati, iye misozi n'kulengeza. Mu Halloween amachotsa munthu ntchito mwachisokonezo, koma gawo limatha ali yekha kunyumba akugawira ana maswiti mosangalala. Lofunika kwambiri ndi The Client. Jan, bwana wa Michael wa kulikulu, akufuna kuthamangira ku nkhani ya mitengo ya katundu, Michael akungocheza ndi kasitomala, nthabwala, kudya, nkhani zakumudzi kwawo, ndipo pamapeto ndi iye amene akupeza kontilakiti ya boma la dera la Lackawanna. Kuchoka apo umadziwa kuti ndi katswiri wotsatsa malonda yemwe anangomukweza paudindo womwe sumuyenera. Brent sapatsidwa gawo lotere ngakhale limodzi.

Chinanso ndi mphindi. BBC siika malonda, ndiye gawo limatenga pafupifupi mphindi 29 osaduka. NBC imasiya mphindi pafupifupi 22, zodulidwadulidwa kuti malonda alowe, ndipo chidutswa chilichonse chimafunika kutha ndi kanthu kokugwira kuti usasinthe tchanelo. Mphindi 7 zosiyanazo ku Britain amazigwiritsa ntchito pa zii: makina ofotokopera akulavula mapepala, foni ikulira, munthu akuyasamula, nthabwala ya Brent yagwa ndipo kamera ikukana kuchoka pankhope za anthu. Ku America malo amenewo palibe, ndiye nthabwala zimathithikana, ndipo kuyambira sizoni yachiwiri anawonjezera kachidutswa koseketsa koyambirira nyimbo isanalire. Mukamva wina akuti la ku Britain ndi lochedwa, akunena mphindi zimenezi. Kwa ine ndi momwe muli mphamvu yake yonse.

Nagama

A Nsanjama afotokoza bwino za Michael, koma mawu akuti anangolithira shuga aja asadutse osayankhidwa, chifukwa si oona. Onerani Dinner Party mu sizoni 4, pomwe Michael ndi Jan akukanganirana pamaso pa alendo mpaka Jan kuswa ka TV kapakhoma komwe Michael amakanyadira. Onerani Scott's Tots mu sizoni 6, pomwe akukauza ana a sukulu kuti malonjezo omwe anawapatsa zaka 10 zapitazo, oti adzawalipirira ku koleji, sangawakwanitse, n'kuwapatsa mabatire a laputopu. Manyazi ake saposedwa ndi gule wochititsa manyazi yemwe Brent amavina mu ofesi tsiku la Comic Relief lija. Chomwe chasiyana n'chakuti ku America gawo likatha amakusiyira potsamira, pomwe ku Britain amakusiya choncho mpaka mlungu wamawa.

Kwa ine poyerekeza pabwino ndi pa chikondi cha mu ofesi, chifukwa m'pomwe kutalika kwa sewero kumaonekera poyera. Ku Britain, Tim wotsatsa malonda, yemwe amaseweredwa ndi Martin Freeman, akukwanitsa zaka 30 akukhalabe ndi makolo ake, amalankhula zobwerera ku yunivesite koma akangomukweza pang'ono amakhala. Dawn wolandira alendo, Lucy Davis, ali pachibwenzi ndi Lee wa kosungira katundu, ndipo maloto ake ojambula zithunzi za m'mabuku a ana akuzilala. Tim amayesa kawiri ndipo kawiri konse amakanidwa. Kachiwiriko, mu gawo lomaliza la sizoni yachiwiri, amadzuka pakati pa kuyankhula ndi kamera, kukamuitana Dawn, n'kuchotsa maikolofoni yake. Timawaona kudzera pawindo, mawu osamveka. Akubwerera, kuvalanso maikolofoni, n'kutiuza kuti wakanidwa. Chikondicho chimadzatheka m'mphindi zomaliza za gawo lomaliza la Khirisimasi, Dawn atatsegula mphatso ya penti wojambulira mugalimoto akupita ndi Lee. Sewero n'kutha pomwepo, osatipatsa ngakhale tsiku limodzi la moyo wawo pamodzi.

Ikani pafupi ndi Casino Night, gawo lotseka sizoni yachiwiri ku America mu May 2006, lomwe analemba Carell yemwe. Jim, yemwe ndi Tim wa ku America, akumuuza Pam kuti amamukonda pamalo oimika magalimoto, ife tikumva mawu onse, Pam akukana, kenako akupsompsonana mu ofesi. Ndi mphindi yofanana ndi ya Tim, koma pano sanatibisire kanthu. Vuto n'lakuti patsogolo pali masizoni ena 7. Olemba anamutumiza Jim ku nthambi ya Stamford, anamupatsa chibwenzi china, Karen, ndipo zimenezi zinagula sizoni yachitatu yonse. Jim ndi Pam amagwirizana kumapeto kwake, amakwatirana mu gawo la Niagara mu 2009, kenako ana. Kuchokera apo chingwe chomwe chinkakoka sewero chinamasuka, ndipo olemba anayesa kuika ena pamalopo: Dwight ndi Angela, Michael ndi Holly, Andy ndi Erin. Ya Michael ndi Holly inagwira. Ya Andy ndi Erin sinagwire, chifukwa khalidwe la Andy linkasinthidwa sizoni iliyonse malinga ndi chomwe nkhani ikufuna.

Pomwe la ku America likuposa mosakayikitsa ndi pa anthu akumbuyo. Ku Slough, ukachotsa Brent, Tim, Dawn ndi Gareth, otsalawo ndi nkhope zongokhala pamadesiki, kupatula Keith wa ku akaunti ndi mayankho ake aulesi. Ku Scranton aliyense anadzakula n'kukhala ndi nkhani yake: Angela, Oscar ndi Kevin ku akaunti, Stanley ndi mawu opingasa ake, Phyllis, Meredith, Creed, Darryl kosungira katundu. Sizinangochitika zokha. La ku Britain magawo onse 14 analemba ndi kutsogolera anthu awiri okha. La ku America linali ndi gulu la olemba, ndipo ena mwa iwo ankaseweranso momwemo: B.J. Novak ndiye Ryan, Mindy Kaling ndiye Kelly, Paul Lieberstein ndiye Toby, Michael Schur ndiye Mose msuweni wa Dwight. Anthu omwe amakhala tsiku lonse ndi azisudzo anzawo amaona yemwe ali ndi kanthu n'kumulembera. Phyllis Smith sanabwere n'komwe kudzasewera, ankagwira ntchito mu ofesi yosankha azisudzo.

Mtengo wake ndi wakuti dzanja silikhala limodzi. Daniels ndi Schur atapita kukayambitsa Parks and Recreation, lomwe linayamba mu 2009, anthu ena anayamba kukokomezedwa. Kevin wa masizoni oyamba ndi munthu wochedwa kuganiza koma wodziwa juga ya makhadi, pomwe wa masizoni omaliza amachita ngati mwana. Pomwe Carell ankachoka mu April 2011, mu gawo la Goodbye, Michael, anayesa Will Ferrell kwa magawo ochepa, kenako James Spader ngati Robert California, mpando wa bwana n'kupita kwa Andy. Wofuna kuliipitsa la ku America amangotenga sizoni 8 n'kuiika pafupi ndi la ku Britain. Kumeneko n'kukondera, chimodzimodzi kuliweruza ndi gawo loyamba lokha.

Chigumula_Boy

Zikomo a Nsanjama ndi achemwali a Nagama, zayamba kumveka. Koma chikundisokonezabe ndi ichi: ngati kukopera gawo loyamba kunali kulakwa, bwanji anachita? Ndipo zimachitika choncho kwa masewero onse a ku Britain akapita ku America, kapena The Office linangochita mwayi?

Kamkwamba

Achimwene, kukopera gawo loyamba ndi njira yomwe amaiona yotetezeka. Kampani ya TV yagula chinthu chomwe chapambana kale, ndipo la ku Britain linali litangolandira mphoto ziwiri za Golden Globe mu January 2004, ndiye amafuna aone chomwe agulacho. Koma njira yomweyo inali itawagwetsa kale a NBC. Mu 2003 anatenga Coupling, sewero la Steven Moffat lomwe linkayenda pa BBC kuyambira 2000, n'kugwiritsa ntchito zolemba zake pafupifupi momwe zinalili, kungodula kuti malonda akwane. Linaonetsedwa magawo anayi okha n'kuchotsedwa. Nthabwala za Moffat zimamangidwa pang'onopang'ono, chinthu chonenedwa pa mphindi yachisanu chimadzaphulika pa mphindi ya 25. Ukadula mphindi 7 umadula mizati. The Inbetweeners la MTV mu 2012 linatha ndi sizoni imodzi, ndipo The IT Crowd la ku America linajambulidwa gawo loyesera lokha, osafika pa TV.

Omwe anapambana ndi omwe anatenga mafupa okha n'kuikapo anthu akwawo. All in the Family, lomwe linayamba mu 1971, linachokera ku Till Death Us Do Part, koma Archie Bunker wa ku Queens ankakangana ndi mkamwini wake nkhani za ku America za nthawi imeneyo, osati za Alf Garnett wa kum'mawa kwa London. Sanford and Son la 1972 linachokera ku Steptoe and Son: bambo ndi mwana wake ogulitsa zinthu zakale anachotsedwa ku Shepherd's Bush n'kuikidwa ku Watts ku Los Angeles, banja la anthu akuda, ndipo sewero linaumbidwa motsata luso la Redd Foxx. The Office linapulumuka chifukwa linasiya kukopera msanga. Gawo lachiwiri lomwe, Diversity Day, ndi nkhani yatsopano, ya maphunziro a kulemekezana mitundu pantchito, chinthu chomwe aliyense wogwira ntchito mu ofesi ku America amachidziwa.

Kuti muone bwino kusamutsa munthu kuchoka dziko lina kupita lina, yang'anani Gareth wa ku Slough ndi Dwight wa ku Scranton. Udindo ndi umodzi, onse amadzitcha wachiwiri kwa bwana pomwe ndi othandizira bwana chabe, ndipo onse amasewerewetsedwa ndi woyandikana naye desiki. Gareth, Mackenzie Crook, ndi wowonda, wotumbuluka, amadzitama ndi usilikali wa kumapeto kwa mlungu wa Territorial Army, ndipo chomwe chimaseketsa n'chakuti palibe amene angakhulupirire kuti angamenye munthu. Dwight, Rainn Wilson, ndi wapolisi wongodzipereka, ali ndi munda wa mbewu ya beetroot, banja lake ndi la Ajeremani akale a ku Pennsylvania okhala ndi miyambo yawoyawo, ndipo amagulitsadi mapepala kuposa onse. Gareth ali ndi nthabwala imodzi yomwe imakwana magawo 14. Dwight anapatsidwa famu, msuweni, chibwenzi chobisa ndi khumbo la mpando wa bwana, zinthu zoti olemba azitapamo zaka 9.

Pa magawo oti muike pafupi, kuwonjezera pa omwe atchulidwa kale, musaphonye kuphatikiza nthambi. Ku Britain ndi gawo loyamba la sizoni yachiwiri. Anthu a ku Swindon abwera ku Slough, ndipo bwana wawo wakale, Neil, wakwezedwa kukhala pamwamba pa Brent. Neil ndi wamng'ono, amakondedwa, nthabwala zake anthu amaseka. Brent akuimirira kuti awalandire, nthabwala iliyonse ikugwa, ndipo kugwa kwake konse kukuyambira pamenepo. Ku America ndi The Merger mu sizoni 3. Josh, bwana wa ku Stamford yemwe akanakhala Neil wa kumeneko, olemba anamuchotsa nkhani isanafike: wapita kukagwira ntchito ku kampani ina, Staples. Michael watsala wopanda womupikisa, ndipo obwerawo ndi amene akuthawa mmodzimmodzi mpaka kutsala Andy ndi Karen. Nkhani ndi imodzi, koma uku ikuphwanya bwana, uku ikumuteteza. Muonenso magawo a Michael Scott Paper Company mu sizoni 5: Michael akusiya ntchito yekha atayambana ndi Charles Miner, yemwe amaseweredwa ndi Idris Elba, akutsegula kakampani kake m'kachipinda ka pansi m'nyumba yomweyo, ndipo Dunder Mifflin ikukagula n'kumubwezera mpando. Brent akachotsedwa sabwerera. M'magawo a Khirisimasi timamupeza akuyenda ndi galimoto kugulitsa zipangizo zoyeretsera, ndalama zomwe analandira ataziwononga pojambulitsa nyimbo yosagulidwa, usiku akukaonekera m'malo azisangalalo pomwe anthu akumunyoza.

Apa pali chinthu chomwe la ku Britain linasamala kwambiri. Masewero onsewa amanamizira kuti ndi kanema wa zochitika zenizeni: kamera yapaphewa, anthu akuyankhula ndi wojambula, palibe kuseka kojambuliratu. Ku Britain lamuloli amalisunga mpaka kumapeto. Kamera imangoona zomwe wojambula weniweni angaone, ndipo m'magawo a Khirisimasi kanemayo waonetsedwa kale, n'chifukwa chake Brent akudziona ngati wotchuka. Ku America lamulo linamasuka. Kamera imalowa m'nyumba za anthu, paukwati, kuchipatala, ndipo ojambula amatha zaka 9 kanema asanatuluke. Pomwe anadzaonetsa wogwira maikolofoni, Brian, mu sizoni 9, zinaoneka zochedwa komanso zokakamiza.

Nsanjama

Ndiwonjezere za kaoneredwe, chifukwa ambiri amalakwitsa pa ndondomeko. Musaone gawo loyamba la uku kenako loyamba la uku, n'kumasinthanasinthana. Mukatero mungoona kukopera, ndipo mudzagamula pa gawo lofooka kwambiri. Malizani kaye la ku Britain lonse, magawo 14, osadumpha a Khirisimasi, chifukwa popanda iwo nkhani ya Brent, Tim ndi Dawn imathera pachisoni chokhachokha, ndipo mphindi yomwe Brent akumukalipira mnzake womunyoza uja, Chris Finch, simuiona. Kenako la ku America tengani Diversity Day, mulumphire ku sizoni 2 ndi 3 zonse. Sizoni 2 ndi imene inapata mphoto ya Emmy ya sewero lanthabwala lopambana mu 2006, ndipo masizoni awiriwa ndi omwe akuyenera kuyang'anizana ndi la ku Britain.

La ku Britain muziyatsa mawu olembedwa pansi. Amalankhula mothamanga, motsitsa mawu, ndipo Brent amakonda kutsanzira azisudzo a pa TV ya kwawo omwe kunja kwa Britain sadziwika. Mukapanda kuzindikira kuti akutsanzira musadandaule, chifukwa chofunika ndi nkhope za omwe akumumvetsera. Gawo la mpikisano wa mafunso, lachitatu mu sizoni yoyamba, limafuna mudziwe kuti mipikisano yotere ndi mwambo wa m'mabala a kumeneko ndipo anthu amaitenga ndi mtima wonse. Pokhapo m'pomwe zimamveka kuti Finch atagonja akuumirira zoponya nsapato za Tim kudutsa padenga kuti apezeke wopambana. Lilinso ndi mawu otukwana ndi nthabwala zachikulu kuposa la NBC, ndiye si loonera pamodzi ndi ana.

La ku America samalani ndi mtundu womwe mwapeza. Peacock, tsamba loonerapo masewero pa intaneti, inatulutsa magawo otalikitsidwa otchedwa Superfan, momwe anabwezeramo zidutswa zomwe zinadulidwa. Ndi osangalatsa kwa yemwe amalidziwa kale sewerolo, koma poyerekeza liwiro la nthabwala gwiritsani ntchito magawo a mphindi 22 momwe anaonetsedwera pa NBC. Sizoni 4 mukaipeza yaifupi si kuti magawo akusowa, inadulidwa ndi sitalaka ya olemba ya 2007 mpaka 2008.